Phala la Mimba Yabodza

"Nkhuku yosaikira mazira sitiitayira chimanga, apongozi. Mwandimva?"

A Zelesi anali ataima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, mawu atawakweza dala kuti a nyumba zoyandikana nawonso alaweko. Mpongozi wawo Edna anali atangofika kumene kuchokera kudimba, sipuleya yopopera mankhwala ikadali kumsana, miyendo ili matope okhaokha.

"Ndamva, amayi."

"Mwamva chiyani? Chaka chachinayi chino muli pakhomo pano. Anzanu amene munakwatiwa nawo nyengo imodzi akubereka wachiwiri kumsana, inu mukubereka sipuleya. Dzina la malemu amuna anga tidzapatsa ndani? Kabichi?"

Maynard, mwamuna wa Edna, anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Mkuluyu anali ndi luso limodzi lalikulu: amayi ake akangoyamba kuyankhula, maso ake ankapeza chochita pansi.

"Amayi, anthu akumva," anatero osadzutsa mutu.

"Amve! Chobisa n'chiyani, msana wa mkazi wako suoneka? Ine ndatumiza kale mawu kwa atsibweni ako a Goliati. Iwo ndiwo ankhoswe, ndiwo anakamutenga ku Champiti, iwo omwewo akamutule. Tikangokumba mbatata ya kudimba, mayiyu aone msana wa njira."

Edna anatula sipuleya ija pang'onopang'ono, n'kugwada chapatali monga achitira mtengwa.

"Amayi, musaganize kuti mwana sindimufuna. Ndinalira mpaka kutopa nako kulirako. Kenako ndinamuuza Mulungu kuti zimene wandipatsa lero ndizigwira ndi manja awiri: amuna anga, dimba langa, ndi ana aja ndimaphunzitsa ku Sande sukulu. Zamawa akudziwa yekha. Chinenereni zimenezo, ine ndimagona tulo."

"Tamverani anthuni! Kukhuta kwa munthu amene sanadye! Ana a Sande sukuluwo adzakutungirani madzi mukadzakalamba?"

"Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, amayi."

"Amatero amene ali ndi awo!"

Tisawanamizire a Zelesi, sanali munthu wouma mtima. Pamaliro ndiwo ankayamba kufika, ndipo kumsonkhano wa amayi a mpingo sankajomba ngakhale nkhungu ya ku Tsangano itatseka njira. Vuto linali pakamwa, panalibe chitseko. Anali atakoka mpweya kuti apitirize pamene Edna anadzuka mwadzidzidzi, n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe. Anali atapopera mankhwala m'mawa wonse wopanda kanthu m'mimba, mphepo ikumubwezera fungo kumaso. Anasanza mpaka kutuluka misozi.

A Zelesi anamutsatira mwakachetechete, n'kuwerama pafupi naye.

"Apongozi, mwezi uno mwasamba?"

"Masiku apitirirako pang'ono, amayi, koma nthawi zina zimatero. Awa ndi mankhwala chabe."

"Mankhwala ati? Ine ndabereka, ndikudziwa. Maynard! Taimirira iwe, katenge madzi!"

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panasintha. Khasu la Edna a Zelesi analitenga n'kukalitsekera m'nyumba mwawo, sipuleya anamusenzetsa Maynard. Kudimba anati asapondeko, kuli chinyezi. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke, ankamveka akugogoda, mbale ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro ili m'manja.

"Dzukani mudye kukadali kotentha, mwana wanga."

Mwana wanga. Edna anali asanawamvepo mawu amenewo pakhomopo. Anamulowa mpaka m'mafupa, ndipo nayenso anayamba kukhulupirira kuti mwina n'zoona. Anadzipeza akusisita pamimba akakhala yekha, iye amene ankati analeka kuwerenga masiku.

Sabata isanathe, msambo unabwera monga mwa nthawi zonse.

Edna anakhala pamphasa nthawi yaitali, mbale ya phala ikuzizira pambali pake. Maynard atalowa kudzatenga chipewa, anamupeza ali choncho.

"Mwatani, Edna?"

"Palibe mimba, a Maynard. Zabwera lero."

Maynard anakhala pansi. Anapukuta kumaso ndi chipewa chija, n'kusuzumira pakhomo kuona ngati amayi ake ali pafupi.

"Mwawauza?"

"Ndikupita kukawauza tsopano."

"Ayi, dikirani. Inu simukuona mmene pakhomo pazizirira? Dzulo amayi anaseka, ine ndinamva ndi makutu angawa. Mukawauza lero, a Goliati afika mawa, mbatata isanakhwime n'komwe."

"Ndiye ndiziti chiyani akabwera ndi phala?"

"Muziti zikomo. Kodi mwanama? Ananena ndi iwo kuti muli ndi pakati, osati inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Edna. Mwina mwezi wamawa zichitika zenizeni, ndani adzakhale pansi kuwerenga masiku?"

"Zikapanda kuchitika?"

"Tidzati yapita padera. Zimachitika. Mkazi amene wapita padera samuthamangitsa, amamumvera chisoni."

Edna anamuyang'ana mwamuna wake. Ankamukonda, ndipo ankaopa Champiti, kubwerera kwa makolo ndi kamtolo ka zovala pamutu, anthu akunong'onezana kuti wabwezedwa. Koma kunena zoona, china chinam'gwira mwendo kuposa mantha. Ankafuna kumvanso mawa lake mawu aja akuti mwana wanga. Anatenga supuni, n'kudya phala lozizira lija.

Amene amati bodza ndi mawu okha sanakhalepo chete pamene anayenera kuyankhula. Edna sananene liwu limodzi lonama, koma tulo take tija tinathawa. Nsalu zake ankachapa mobisa n'kuyanika kuchipinda ngati wakuba. Akatseka maso kuti apemphere, pemphero linkamukakamira pakhosi ngati mbatata yodya wopanda madzi. Lamulungu anaima pamaso pa ana a Sande sukulu, nyimbo imene ankaitsogolera masabata onse inamusokonekera pakati, ana n'kumaseka. Pobwerera anadzera njira ya kumtunda kwa dimba. Kabichi wake anali atafota, mbozi zitaboola masamba, chifukwa Maynard ankatanganidwa ndi kukweza matumba a anthu pa malole ku Tsangano. Anaima pamenepo manja ali lende, wopanda ndi khasu lomwe.

Tsiku la msika a Zelesi anapita okha ku Tsangano wapansi, ngakhale bondo lawo linkawavuta. Anabwerako madzulo akutsimphina, n'kumuitana Edna m'nyumba mwawo. Anatulutsa chitenje chatsopano cha maluwa obiriwira, chogula kwa amalonda a ku Mozambiki.

"Ichi mudzavale Loweruka. Ndauza a Veronica ndi alangizi anzawo a kumpingo kuti abwere adzakulangizeni. Makolo athu ankati chisamba. Mkazi wa mimba yoyamba sangokhala ngati mbuzi, amamuuza zoyenera kudya, kagonedwe, ndi zochita tsiku lake likafika."

"Amayi, sikufulumira kodi? Bwanji tidikireko?"

"Ndadikira zaka zingati ine? Zengerezu adalinda kwawukwawu." Anasalaza chitenje chija ndi chikhatho. "Mwana wanga, pakamwa pangapa pananena zambiri. Za nkhuku zija, za kabichi zija. Ndinkangoopa kufa ndisanaone mdzukulu wa Maynard. Mundikhululukire."

Edna akanakonda kutukwanidwa. Mayi wachikulire, wamasiye, akupepesa kwa iye amene ankawadyera phala mwachinyengo! Anatsegula pakamwa kuti anene, koma a Zelesi anali atayamba kale ina, mawu atawatsitsa.

"Koma muchenjere ndi a Thandi a kutsidyaku. Chikanganirane za ngalande ya madzi kudimba, mayi amene uja sandifunira zabwino. Dzana anakuyang'anani nthawi yaitali kumjigo, ndinaona. Pakangochitika kanthu pa mimba imeneyi, ine sindikafunsa kwina. Mudzi uno udzachepa."

Edna anatuluka m'nyumbamo. A Thandi anali mayi wosauka wolera adzukulu amasiye, amene mlandu wawo unali maso okha. Edna anamupeza Maynard kuseri akumanga thumba.

"Njira yanu ija yatsekeka. Tikanena kuti yapita padera, amayi akawatchula a Thandi kuti ndi mfiti. Mukudziwa zimene anthu amachita ndi munthu wotchulidwa ufiti."

"Amayi amangoyankhula."

"Za a Goliati zija ankangoyankhulanso? A Maynard, ine ndinali bwino. Ndinalibe mwana, koma ndinali ndi Mulungu wanga, ndinali ndi dimba langa. Lero ndilibe mwana, ndilibe dimba, ndipo kupemphera ndikuchita manyazi. Tsono tiwonjezerepo ndi moyo wa a Thandi?"

"Ingopirirani Lowerukali lidutse, tiganiza bwino. Walira mvula walira matope."

"Mvulayo analira ndani? Inu mumakhala ku Tsangano tsiku lonse. Phala limabwera kwa ine."

Maso a Maynard anapezanso chochita pa mfundo ya thumba.

Loweruka masana alangizi anafika atavala zoyera za mpingo, a Veronica ali patsogolo. A Veronica anali mayi wamtali, woyankhula mofatsa, amene analangiza pafupifupi mkazi aliyense wa m'mudzimo. A Zelesi anali ataphika thobwa chidebe chodzaza. Amuna anauzidwa kuti atalikire, poti nkhani za chilangizo mwamuna samva. Alangizi anamukhazika Edna pamphasa pakati pa nyumba, chitenje chobiriwira chija atamumanga pachifuwa, miyendo atatambasula, maso pansi.

"Tiyeni tiyambe ndi pemphero," anatero a Veronica. "Atate wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa mwamva kulira kwa mwana wanu uyu. Mwamuchotsera chitonzo pakati pa akazi anzake. Tikupereka m'manja mwanu kamoyo kamene mwaika m'mimba mwake..."

"Musapitirize, amayi."

Mawu a Edna anatuluka aang'ono, koma onse anawamva. Amayi anatsegula maso mmodzimmodzi.

"Musamuuze Mulungu zimenezo. Iye akudziwa kuti mulibe kanthu. Anthu ndawanamiza, koma mpaka m'pemphero ayi. Ndilibe mimba. Tsiku lija anali mankhwala a kudimba. Ndinasamba sabata yomweyo, ndipo ndinakhala chete."

A Zelesi anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma.

"Mwati chiyani?"

"Ndilibe mimba, amayi. Ndakulakwirani."

"Mayo ine! Ndauza mpingo wonse! Ndayenda ndi bondo ili mpaka ku Tsangano! Ndakugwadirani ine, mayi wa mwamuna wanu, kukupepesani! Ndiye phala langa lonse lija munkadya mukundiseka mumtima?"

"Sindinkaseka, amayi. Ndinkadya ndikulira."

"Nanga osanena bwanji?"

Edna anadzutsa mutu, chinthu chimene namwali wa pachilangizo sachita.

"Chifukwa linali lokoma. Chifikireni pakhomo pano ndalima, ndatunga, ndakusamalani muli ndi malungo, koma simunanditchulepo mwana wanu. Mimba yopanda kanthu yangokhala masabata ochepa, yalandira zonse zimene ine ndinkazilakalaka. Ndinadziwa kuti si zanga, koma ndinalephera kuzibweza. Ndinkati ndine wokhutira ndi zimene Mulungu wandipatsa, ndipo ndinkanena zoona. Koma mbale imodzi ya phala inandigula. Tchimo langa ndi limenelo, ndipo a Thandi alibe nalo gawo. Ngati n'kupita ku Champiti, ndipita, koma ndipite ndikutha kupemphera."

"Mupitadi! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

"Odi, amayi."

Anali mawu a mwamuna, kunja kwa chitseko. Amayi anakuwa kuti achoke, kuno n'kwa akazi, koma Maynard sanasunthe. Sanalowe, anangogwada pakhomo chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Sindilowa. Ndingonena kuti Edna ankafuna kukuuzani tsiku lomwelo, ndinamuletsa ndine. Ndinamuuzanso kuti tidzaname kuti yapita padera. Ndinkaopa pakamwa panu, amayi, ndakhala ndikuopa chibadwire. Komanso kuchipatala sitinapiteko, ndimakana ndine. Palibe akudziwa kuti vuto lili mwa ndani. A Goliati akabwera, aperekeze anthu awiri. Ndikakhala mkamwini ku Champiti."

A Zelesi anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudziwo simunatuluke kanthu. Anakhala pampando wawo, n'kumayang'ana chidebe cha thobwa.

A Veronica anavundikira Edna mapewa ndi nsalu yawo, n'kupumira m'mwamba.

"Kunama n'kunama, mwana wanga, ndipo wachita bwino kulapa. Koma amayi anzanga, ine manyazi andigwira. Tili ndi chilangizo cha namwali, cha ukwati, cha mimba, cha mwana akabadwa. Cha munthu amene akudikira tilibe. Mwanayu wakhala pakati pathu zaka zonsezi, ndani wa ife anabwerapo kudzangokhala naye? Ine ndikakumana naye ndimayamba kuyang'ana pamimba, moni pambuyo. Ndimamuuza kuti azipemphera kwambiri, ngati kuti sapemphera. Lero tabwera tonse ndi zoyera zathu chifukwa tamva kuti muli kanthu."

Mayi wina anayamba kukonza duku lake lomwe linali bwinobwino. Patapita kanthawi alangizi anatsanzika mmodzimmodzi, thobwa lija osalikhudza. A Zelesi sanawaperekeze. Anatseka chitseko dzuwa likadali m'mwamba, ndipo tsiku limenelo sanaonekenso pabwalo.

M'mawa mwake Edna anadzuka nkhungu ikadali yoyera pakhomo. Anapinda chitenje chobiriwira chija bwinobwino kuti akabweze, n'kuyamba kulongedza zovala zake. Maynard anakhala pakama akumuyang'ana, kenako naye anatsitsa jekete lake pamsomali n'kuliika pa mulu womwewo.

Kunamveka kugogoda.

Edna anatsegula. A Zelesi anali ataima pakhonde atafunda bulangete, maso ali otupa, akuyang'ana kumbali ngati pali china chofunika kukhola la mbuzi. Kudzanja lamanja anali ndi khasu la Edna. Kudzanja lamanzere anali ndi mbale yovundikira.

"Khasu lanu ili. Kabichi uja akutha ndi mbozi, mwamuna wanuyu ntchito ya dimba saidziwa."

Edna anagwada n'kulandira khasu ndi manja awiri. Anatenga chitenje chija n'kuchipereka.

"Ichi n'chanu, amayi."

"Ndichitani ine, maluwa obiriwira pa msinkhu wanga uno? Valani." Anatambasula dzanja lamanzere. "Landirani ichinso, chikundiotcha."

"Amayi, mwaiwala kodi? Mulibe kanthu."

"Sindinaiwale, sindinagone n'komwe. Dzanja linazolowera muyeso wa anthu awiri, ndiye nditaye? Tsiku lija munasanza chifukwa munapita kudimba osadya. Zaka zonsezi mumapita osadya, ine ndili pompano ndikuona." Mawu awo anagwedera, ndipo anakhosomola kuti abise. "Mulungu andikhululukire."

"Nanga a Goliati?" anafunsa Maynard ali kumbuyo kwa mkazi wake.

"Akabwera adzathandiza kukumba mbatata, adye, azipita. Iwe mawa uperekeze mkazi wako kuchipatala, akakuoneni nonse. Ndipo uleke kuyang'ana pansi ndikamayankhula, umandichimwitsa."

Anatembenuka n'kuyamba kutsimphina kulowera kwawo. Atafika pakati pa bwalo, pamalo pomwe anaima tsiku la nkhuku yosaikira lija, anaima osacheuka.

"Mudye kukadali kotentha, mwana wanga."

Edna anakhala pansi pakhonde, khasu lili pamiyendo, n'kuvundukula mbale ija. Linali phala la mgaiwa, nsinjiro zake zosachepetsa. Anatseka maso, ndipo ulendo uno pemphero linatuluka lonse mpaka pa ameni. Kenako anadya mpaka kukombeza mbale.